Anapiye ogula: kuwalera ndi babu kapena kupatsa thadzi lofungatira?

Anzanga oweta nkhuku sakundipumitsa ndi funso ili, ndiye ndiyankhe kamodzi. Njira zonse ziwiri ndinayesapo, ndipo ndinene poyera kuti babu lamagetsi lotenthetsera anapiyelo ndimalisungira chakukhosi.

Ntchito limagwira, sindikana. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, kenako mumachepetsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse mpaka nthenga zitakwana. Mungaike pansi pa babulo anapiye ngakhale 50, tsiku lililonse lomwe mwafuna. Chomwe wondigulitsa sanandiuze n'chakuti babu likapsa siliitana munthu. Langa linapsa pakati pa usiku wozizira. Kutacha ndinapeza anapiye ataunjikana pakona, apansiwo atafa chifukwa chopsinjidwa ndi anzawo. Kuchokera tsikulo ndinkadzuka kawiri usiku uliwonse ngati ndili ndi khanda, bilu ya magetsi nayo ikukwera mwakachetechete.

Thadzi silizima. Koma lili ndi malamulo ake, ndipo ulendo woyamba ndinawaphwanya onse. Ndinatenga anapiye a sabata imodzi n'kuwaika pamaso pa thadzi masana dzuwa likuswa mtengo, thadzilo litangofungatira masiku anayi okha. Linawajompha ngati adani. Anapiyewonso sankalidziwa, likaitana ankangothawa.

Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, choncho thadzi limayembekezera ana nthawi imeneyo ikamayandikira. Lisiyeni likhale pachisa masabata awiri kapena atatu, ngakhale pa mazira osaswa. Anapiye akhale a tsiku limodzi mpaka atatu. Dikirani kude, lowetsani mmodzimmodzi kunsi kwa phiko kuchokera kumbuyo, dzanja lanu likumuphimba, uku mukuchotsa mazira aja. Yambani ndi awiri, mumvetsere. Likamalira motsitsa n'kuwakokera pansi pake, latheka. Likatukumula nthenga n'kumajompha mwamphamvu, achotseni, musakakamize. M'mawa mulawirire kukaona, chifukwa mathadzi ena amasintha maganizo kukawala.

Malipiro a thadzi ndi mazira. Nthawi yonse yofungatira ndi yolera siliikira, mwina miyezi iwiri kapena kupitirira. Limaondanso, utitiri n'kumalikonda pachisapo. Ndipo silingafunditse gulu, lalikulu limakwanitsa anapiye 10 kapena 12 basi.

Chakudya n'chimodzimodzi mbali zonse: cha anapiye, osati cha nkhuku zoikira, chomwe chili ndi kashiamu wochuluka moti chimawononga impso za ana. Mayiyo adya nawo chomwecho. Katemera wa chitopa musamudumphe poganiza kuti thadzi liwateteza.

Ngati muli ndi nkhuku ngati Leghorn, zomwe sizifungatira kawirikawiri, kapena mukufuna anapiye ambiri nthawi imodzi, babu simungalithawe, koma gulani mababu awiri. Ine langa lili m'katoni, ndimalitulutsa pokhapokha thadzi likakana ana.