Nyumba yathu ya dothi itaona chisanu, Okutobala ndi dzinja lathunthu

Titangolowa m'nyumba yathu mu Juni 2024 ndinalemba zoiyamikira. Ndinafotokoza kuti tamanga ndi njerwa za dothi zopsinja pamakina, zosawotcha, kuti mkuyu umene tinaupeza pamalopo sitinaudule, ndiponso kuti chitunda sitinachisalaze koma tinalola nyumba kutsata mtsetse wa nthaka. Ambiri anandiyankha mawu amodzimodzi: dikirani mvula. Ananena zoona, pakuti m'chilimwe nyumba yatsopano iliyonse imaoneka bwino. Tsopano chisanu chinadutsa, dzuwa la Okutobala linadutsa, mvula nayo yakata, chimanga chikuuma m'minda. Apa ndiye ndingalankhule.

Malo athu ali kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, m'tsinde mwa kaphiri. Mayi amene anatijambulira pulani sanathamangire pepala. Anabwera m'mawa, anabweranso madzulo, kudzaona kumene mthunzi wa mkuyu umagwera, kenako anakakhala pakhonde pa agogo ena oyandikana nafe n'kufunsa kumene madzi a m'phiri amadzera mvula ikakula. Agogowo analoza ndi ndodo n'kunena kuti, "Mwana wanga, apo musamangepo, ndi njira ya madzi kuyambira kale." Nyumba inasunthidwa mamita angapo chifukwa cha mawu amenewo. Kamangidwe kotere akatswiri amakatcha organic architecture, ndipo amene anatchukitsa dzinali ndi Frank Lloyd Wright wa ku America, yemwe mu 1935 anajambula nyumba yotchedwa Fallingwater, yokhala pamwamba pa mathithi ku Pennsylvania. Mfundo yake inali yakuti nyumba ichokere m'malo amene yaimapo, isakhale ngati yangotulidwapo. Kwathu kuno chitsanzo chili pafupi: ku Mfuwe Lodge, malo ogona alendo m'nkhalango ya nyama ya South Luangwa, njovu zimadutsa polandirira alendo penipeni chakumapeto kwa chaka, kupita ku mtengo wa zipatso umene zinauzolowera, ndipo eni malowo amazipatsa njira.

Ndiyambe ndi kutentha, chifukwa apa m'pamene nyumbayi yandikhutiritsa kotheratu. Okutobala wa 2024 tonse tikumukumbukira. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, damu lopangira magetsi, malaiti amatha kusowa pafupifupi tsiku lonse, moti amene amadalira fani anangoiyang'ana. M'nyumba za mabuloko a simenti zokhala ndi malata otsika anthu amathawira panja masana, ena kugona pakhonde usiku. Ife masana timakhala m'nyumba. Kulowa pabalaza cha m'ma 14 koloko kunali ngati kulowa pansi pa mtengo wa mango wa masamba ambiri. Sindikunena kuti mumazizira. Mumapumika, mwana amagona tulo ta masana osadzuka ali thukuta lokhalokha.

Zimene zikuchita ntchitoyi n'zosavuta kumva. Makoma aatali ayang'ana kumpoto ndi kumwera, pamene kum'mawa ndi kumadzulo kuli makoma aafupi okhala ndi mawindo ang'onoang'ono, choncho dzuwa loswa mtengo la madzulo silipeza polowera. Kuno ku Chipata, kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, ndiye denga lotuluka kunja pafupifupi mita yathunthu limaphimba makoma aataliwo ndi mthunzi masana onse. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, limalowa pansi pa denga lomwelo n'kuothetsa khonde ndi pabalaza. Denga limodzi, ntchito ziwiri, popanda chosintha. Kenako pali khoma lenilenilo. Dothi lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono, moti kutentha kwa masana kumafika mkati dzuwa litalowa kale. Malata nawo sanakhale pakhoma: anakwezedwa, pansi pake pali siling'i ya bango, ndipo pakati pamadutsa mphepo. Nzeru imeneyi tinaitengera kwa Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene anamanga sukulu ya njerwa za dothi m'mudzi wa kwawo ku Gando mu 2001 ndi denga lokwezeka chomwecho, ndipo mu 2022 analandira mphotho ya Pritzker, mphotho yaikulu ya akatswiri ojambula nyumba. Ndimakonda kutchula munthu ameneyu kwa onse amene amati dothi n'la osauka.

Koma pali chimene nyumba yotere imafuna kwa mwini wake. Kutentha kumene khoma lamwa masana limakubweza usiku. Mukatseka mawindo onse madzulo poopa udzudzu kapena akuba, cha m'ma 20 koloko m'chipinda mumafunda zosasangalatsa. Mawindo oyang'anizana ayenera kukhala otsegula usiku wonse kuti mphepo itsuke kutenthako, m'mawa n'kuwatseka. Nyumba yaikulu ya Eastgate ku Harare, imene Mick Pearce anajambula potengera chulu cha chiswe ndipo inatsegulidwa mu 1996, imagwiranso ntchito motero: imazizidwa ndi mpweya wa usiku. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti waya wotchinga udzudzu ndi zitsulo za m'mawindo si zinthu zoti mudzaike mukadzapeza ndalama. Ziyenera kulowa m'bajeti pamodzi ndi malata.

Za chisanu ndinene mwachidule. Pabalaza pamafunda bwino, koma chipinda cha kumwera sichiona dzuwa miyezi imeneyo, ndipo mwera ukawomba pansi pake pamazizira. Tinayalamo mphasa, nkhani inatha.

Tsopano mvula, imene ambiri munandiuza kuti ndiidikire. Usiku wina mu Januwale inagwa yamphamvu, ya mabingu, yosalekeza. Ndinatenga tochi n'kutuluka kuseri. Madzi ofiira a m'phiri amatsika ndi mkokomo m'njira ija agogo analoza, n'kulowa m'ngalande ya miyala imene tinaikumba kumtunda kwa nyumba. Amazungulira, n'kukagwera m'mizere ya udzu wa vetiva, ndipo pofika ku nthochi anali ataphwa mphamvu. Ndinagwira khoma m'munsi, pamwamba pa maziko a miyala ofika m'mawondo: linali louma. M'mawa mwake msewu wathu unali utakumbika zigwembe, mipanda ina itagwa, ife pakhomo pali matope chabe. Kunena zoona, pa zonse zimene tinachita pomanga, chimene chapulumutsa nyumbayi si njerwa ayi, koma kusiyira madzi njira yawo ndi kukweza maziko. Munthu atati asankhe chimodzi pa nkhani yonseyi, asankhe chimenechi, ngakhale akumanga ndi mabuloko.

Khoma la kum'mawa lokha ndilo laonetsa kufooka. Kumeneko denga latuluka pang'ono, ndipo mvula ya mphepo imalimenya mwachindunji. Pulasitala wa dothi ndi laimu wakokoloka m'munsi, njerwa zina zayamba kuoneka ndipo m'mphepete mwake mwanyenyeka. Khoma silinang'ambike, koma lisiyidwe zaka ziwiri chomwecho lidzadwala. Njerwa zathu zili ndi simenti yochepa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 20 a dothi, ndipo zimenezi zimalimbitsa koma sizisandutsa dothi kukhala mwala. Amisiri athu, bambo achikulire amene anakulira m'nyumba zozira, atabwera kudzaona anangoti, "Amayi, kwathu khoma timalizira chaka ndi chaka mvula ikatha. Inunso muzitero." Ndinavomera. Nyumba yotere si yomanga n'kuiwala.

Chiswe chinabweranso, monga ndinayembekezera. Mu Febuluwale ndinaona kamzere ka dothi kakukwera pa nsanamira ya khonde, kopyapyala ngati chala. Chifukwa chakuti nsanamira zaima pa miyala yoonekera, osati zokwiriridwa m'nthaka, kamsewu kawo kanaoneka msanga, tinakaphwanya n'kuthira mankhwala. Makoma chiswe sichinawakhudze. Chimene chimafuna ndi mtengo ndi bango, choncho ndimazungulira nyumba kawirikawiri maso ali m'munsi. Mileme nayo inapeza malo pakati pa malata ndi siling'i, ndipo fungo lake silibisika. Mpata umenewo uyenera kutchingidwa ndi waya kuyambira tsiku loyamba, mphepo izidutsa koma zouluka ayi.

Mkuyu uja ndimaukonda, ndipo sindingalole nkhwangwa kuuyandikira. Ana amachitira homuweki pansi pake, mbalame zimadzaza m'mawa nkhuyu zikapsa. Komabe masamba ndi zipatso zake zimatseka magata a padenga, ndipo mizu ya mkuyu imayenda kutali kufunafuna madzi, moti thanki ndi mapaipi a zonyansa tinaziika mbali ina ya nyumba. Amene muli ndi mtengo waukulu pamalo anu, muusunge, koma muupatse bwalo lake.

Madzi a padenga andidabwitsa kuchuluka kwake. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Chipata imalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ndiye denga la masikweya mita 100 lingagwire malita oyandikira 100,000. Thanki yathu imadzaza ndi mvula ziwiri zitatu zabwino, otsalawo n'kumasefukira kudimba. N'chifukwa chake tinasankha malata m'malo mwa udzu, ngakhale udzu umazizira bwino ndiponso umakongola. Madzi a padenga la udzu amatuluka akuda, komanso moto wolusa wa mu Ogasiti ndi Seputembala timaudziwa tonse.

Funso limene ndafunsidwa kwambiri ndi la ndalama. Musanamizidwe kuti nyumba yotere ndi yotchipa kwambiri. Tinapulumutsa pa simenti, pa mayendedwe a njerwa chifukwa dothi linachokera pamalo pomwepo, ndiponso sitinagule nkhuni zowotchera uvuni. Mfundo yomalizayi imandikhudza mtima, chifukwa aliyense woyenda pa Great East Road kapena njira ya ku Lundazi akuona mmene mapiri athu akumetedwera ndi makala ndi mauvuni a njerwa. Koma zimene tinapulumutsazo zinalowa m'denga lalikulu, m'maziko a miyala, ndi mwa amisiri, pakuti njerwa zosabisika ndi pulasitala wa simenti zimafuna dzanja laluso ndi kudekha. Pomaliza mtengo unafanana ndithu ndi wa nyumba wamba ya kukula komweko.

Kodi ndingamangenso chotere? Inde, mosakayika, ndipo mng'ono wanga ku Katete wayamba kale kuyeza dothi la pamalo pake. Amathira dothi m'botolo la madzi, n'kukhutchumula, n'kulisiya likhazikike kuti aone mchenga ndi dongo kuchuluka kwake. Dothi la kudambo, lakuda lija lomang'ambika likauma, siliyenera. Lofunika ndi lokhala ndi mchenga wambiri ndi dongo longokwanira kugwirizitsa. Ndamuuza kuti asakumbe maziko asanaone malowo mvula ikugwa, ndiponso kuti denga alitulutse mofanana mbali zonse zinayi. Ife kuno mu Ogasiti tidzazira khoma la kum'mawa, tidzaonjezera malata mbali imeneyo, ndipo tidzabzala mzere wa nsungwi chapatali pang'ono kuti uzithyola mphepo ya mvula isanafike pakhoma.