Hilux Yakwezedwa, Chiwongolero Chasiya Kumvera: Alayimenti, Damper, Control Arm Kapena Kuitsitsa?

Mvula ikangokhazikika, msewu wopita kumudzi kwathu umasanduka ngalande ziwiri za matope, pakati patatsala mtumbira. Hilux yanga ya 2012 inkakhula mimba pa mtumbira umenewo chaka ndi chaka, mpaka ndinatopa n'kukaiika lift kit, zida zokwezera galimoto. Inakweradi, ndipo matope anasiya kundidetsa nkhawa. Vuto linatulukira pa phula. Ulendo woyamba wa pa M1, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza, ndinafika mapewa akuwawa. Galimoto imene kale ndinkaigwira ndi dzanja limodzi inayamba kuyenda mwadzandidzandi, pena kumanzere pena kumanja. Ndikatuluka pakona chiwongolero sichinkabwerera chokha pakati, ndipo thiraki ikandidutsa ndinkachita kulimbana ndi galimoto yangayo kuti isapite kumene kukuyenda njinga ndi anthu apansi.

Amene ndinawafunsa anandipatsa mayankho anayi osiyana. Wina anati pitani ku alayimenti basi. Wina anati ikani steering damper. Wachitatu anati popanda upper control arm zatsopano, kutanthauza mikono yapamwamba yogwira matayala akutsogolo, mukungotaya nthawi. Makaniko wina wachikulire anangoti, "Bwana, itsitseni." Onsewa anali ndi mfundo, koma njira zawozi sizichiza matenda amodzi, ndipo imodzi mwa izo sichiza n'komwe.

Kuti muziyerekeze bwino, yambani mwayang'ana njinga. Foloko yake siima chilili. Kumtunda inapendekera chakumbuyo. Kupendekera kumeneko n'kumene kumachititsa kuti tayala lizifuna lokha kuloza kutsogolo, n'chifukwa chake wakabaza amatha kusiya mahandulo pamsewu wosalala. Pa galimoto kupendekera komweku kumatchedwa caster. Hilux zoyambira mu 2005 zili ndi mikono iwiri pa tayala lililonse lakutsogolo, waufupi pamwamba ndi wautali pansi. Mukaikweza, mikonoyo imalendewera ngati galimoto ili pa jeke, caster imachepa, camber (kupendekera kwa tayala m'kati kapena kunja ukaliyang'ana uli kutsogolo) imasintha, ndipo toe (kuloza kwa matayala m'kati kapena kunja ukawayang'ana uli pamwamba) imasokonekera. Ma tie rod nawo (zitsulo zokankha ndi kukoka matayala mukakhotetsa chiwongolero), amene poyamba anali pafupifupi chogona, amayamba kuloza pansi. Tayala likadumpha pa bampu, tie rod yopendekerayo imalikoka kapena kulikankha, galimoto n'kukhota inu musanaiuze. Zimenezi amakaniko amazitcha bump steer.

Musanatulutse ndalama pa njira iliyonse, ikani jeke. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako kumanzere ndi kumanja. Likamachita khwekhwe, ndiye kuti ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi tayala), rack end ndi tie rod end (mfundo za kumapeto kwa tie rod) kapena ma bearing atha. Yang'ananinso mabushi a mkono wapansi. Nthawi zambiri lift kit imangoulula zinthu zimene zinali zitatha kale, chifukwa imazigwiritsa ntchito pamalo amene sizinazolowere. Alayimenti yochitidwa pa zitsulo zolobodoka siikhalitsa ngakhale sabata.

Alayimenti ndiyo njira yotchipa kuposa zonse, ndipo siyosankha ayi. Aliyense amene wakweza galimoto ayenera kuichita. Funso n'lakuti kodi payokha ikukwana? Pa Hilux, mkono wapansi umamangidwa ndi mabawuti awiri okhala ndi mawashala osakhala pakati, amene ukawazunguza amasuntha mkonowo. Ndi mabawuti amenewa amene amakonzera camber ndi caster nthawi imodzi. Galimoto ikakwera mamilimita 40 kapena 50, munthu wodziwa ntchito amatha kubweza manambala pafupi ndi a kufakitale. Ikapitirira pamenepo mabawutiwo amafika pamapeto, ndipo umayamba kusinthanitsa: ukawonjezera caster, camber imathawa, ukakonza camber, caster imachepa.

Apa pali chinthu chimene chinandipweteka mtima. Kugaraja yoyamba imene ndinapita anangokonza toe yokha, anawongola chiwongolero, n'kundiuza kuti zatheka. Ndinalipira, ndinanyamuka, galimoto inali chimodzimodzi. Patapita masiku ndinadziwa kuti mabawuti aja anali atagwirana ndi dzimbiri m'kati mwa mabushi, ndipo palibe anayesa n'komwe kuwamasula. Ndiye mukapita ku alayimenti, pemphani pepala lochokera mu kompyuta, losonyeza manambala asanakonze ndi atakonza. Yang'anani mzere wa caster. Ngati wasiyana kwambiri pakati pa kumanzere ndi kumanja, galimoto imakokera kumbali imene caster ili yochepa. Alayimenti ya chingwe ya m'mbali mwa msewu imathandiza kuti matayala asadyeke pobwerera kunyumba, koma caster siiona. Komanso masipuling'i atsopano amakhazikika mukayenda makilomita mazana angapo, choncho muyenera kubwereranso kachiwiri.

Tsopano damper. Ichi ndi shoko yogona chopingasa, imene ntchito yake ndi kumeza kugunda kochokera kumsewu kuti kusafike m'manja mwa dalaivala. Hilux ya mtundu wanga imagwiritsa ntchito rack and pinion ndipo siibwera ndi damper kuchokera kufakitale, ndiye malangizo amenewa kwa ine analibe ntchito. Kumene damper imakhaladi n'ku galimoto za ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, monga Land Cruiser 79 ija imadzaza m'maesiteti, m'nkhalango ndi m'mabungwe ogwira ntchito kumidzi.

Alamu anga ali ndi 79 yokwezedwa, ndipo vuto lawo linali loopsa kuposa langa. Akagunda dzenje ali pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola, kutsogolo konse kunkayamba kunjenjemera, chiwongolero n'kumavina m'manja, osasiya mpaka atatsika liwiro pafupifupi kuima. Ku America, kumene zimenezi zimavutitsa eni ake a Jeep ndi mapikapu akuluakulu a Ford ndi Ram, amazitcha death wobble. Alamu angawo anagula damper yamphamvu, kunjenjemerako kunatha, anasangalala. Isanathe miyezi itatu kunabweranso, damper yatsopanoyo itatopa ndi ntchito yosakhala yake. Titagwada pansi pa galimotoyo wina akugwedeza chiwongolero, tinaona panhard rod, chitsulo chija chimagwira ekiselo kuti isamapite uku ndi uku, ikusewera pa mabushi ake. Ma bearing a pa swivel hub, pamene tayala limakhotera, nawo anali atalekerera. Damper inkangophimba chilonda ndi nsalu. Ndiyabwino pa galimoto imene zonse zili bwino, makamaka ya matayala akuluakulu pamsewu wamiyala, ndipo yakale ikayamba kudontha mafuta isintheni. Koma kuigula kuti ithetse kunjenjemera n'kuika moyo wa anthu amene mwanyamula pachiswe.

Njira yachitatu ndi imene imapita pagwero, ndipo ndi yodula. Pa Hilux, Ranger kapena D-Max, ndiko kuchotsa mikono yapamwamba ya kufakitale n'kuika ina yopangidwira galimoto yokwezedwa. Mikono imeneyi anaipanga moti ball joint imakhala chakumbuyo pang'ono, ndiye caster imabwerera mabawuti apansi aja asanafike pamapeto. Imathetsanso vuto lina limene ambiri salidziwa. Pa galimoto yokwezedwa kwambiri, tayala likalendewera m'dzenje, mkono wa kufakitale umagunda sipuling'i, ndipo ball joint yake imapindika mpaka polekezera. Ball joint ikathyoka muli pa liwiro, tayala limagona pansi. Suzumirani kuseri kwa tayala. Mukaona penti yasupuka pa sipuling'i moyang'anizana ndi mkonowo, zikugundana kale.

Makampani monga Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi SuperPro a ku Australia, komanso SPC ya ku America, amapanga mikono yotereyi, ndipo ambiri kwathu kuno amaitanitsa kudzera ku South Africa. Posankha, ine ndimakonda ya ball joint yotsekedwa ndi labala imene ingasinthidwe payokha. Ilipo ina ya chibulungwa chachitsulo chosaphimbidwa, yopangidwira mipikisano. Pa fumbi la mu Okutobala imayamba kulira msanga n'kutha. Ya pa intaneti yopanda dzina la kampani musaiyandikire, chifukwa chitsulo chimenechi ndicho chagwira tayala. Dziwaninso malire ake: mikono yatsopano imabweza caster ndi camber, koma tie rod ndi CV (mashafti opereka mphamvu ku matayala akutsogolo) zimakhalabe zopendekeka. Diff drop, yotsitsa difu yakutsogolo, imene ogulitsa amakonda kuwonjezera pa mtengo, imapepuza ma CV okha, chiwongolero siichikhudza.

Pa Land Cruiser 79 nkhani yake ndi yomweyi koma zitsulo ndi zina. Kuyambira mu 1999 galimotoyi ili ndi masipuling'i opota kutsogolo, ndipo ekiselo imagwiridwa ndi ma radius arm awiri. Mukaikweza, mikonoyo imatsika n'kuzunguza ekiselo yonse chakutsogolo, caster n'kuthawa. Pokweza mamilimita 50, mabushi obooledwa chambali amene amabweza madigiri awiri kapena atatu amakwana. Kuipa kwake, labala ya mbali imodzi imakhala yopyapyala, ndiye amatha msanga ndipo amalimbitsa ekiselo pamalo okumbikakumbika. Pokweza kupitirira apo pamafunika ma drop box (zitsulo zotsitsa pomangira ma radius arm) kapena ma radius arm ena. Panhard rod yotalikitsika imabwezera ekiselo pakati, chifukwa kukweza kumaikokera mbali imodzi. Alamu anga atasintha mabushi a panhard, kumanga bwino ma bearing ndi kuika mabushi a caster, kunjenjemera kuja sikunabwerenso, ndipo damper ili pamenepo ndi wamba.

Yatsala ya mdala uja, yoti itsitseni. Poyamba inandinyansa, poti ndinali nditawononga kale ndalama. Pano ndimaona kuti anali kunena zoona kuposa ena onse. Atandiuza kuti ndiyeze kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa madigadi n'kuyerekeza ndi Hilux ina yosakwezedwa, ndinapeza kuti kit imene ankati ndi ya mamilimita 50 inakweza kutsogolo pafupifupi 70. Kumene ndinagula kit anandigulitsa masipuling'i opangidwira galimoto yonyamula bull bar yachitsulo ndi winchi, pamene yanga kutsogolo ilibe kanthu. Ena amafika pamenepa mwa njira ina: amaika spacer pamwamba pa shoko yokweza kale. Popeza shoko imamangidwa pakatikati pa mkono wapansi, spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri kake. Ngati muli ndi zonse ziwiri, kuchotsa spacer n'kwaulere, ndipo kumakonza caster, tie rod ndi CV pakamodzi, chinthu chimene palibe njira ina mwa zitatu zija ingachite.

Ndipo ganizirani chimene munakwezera. Difu yakumbuyo siikwera ndi lift kit ngakhale pang'ono. Chimene chimaikweza ndi matayala okha. Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17 kumakupatsani mamilimita 13, chiwongolero osadandaula kwenikweni. Kulumphira pa 285/70R17 kumapereka pafupifupi 27, koma tayalalo ndi lolemera, limakhula, ndipo ambiri amathawira ku malimu otulukira kunja kapena ma wheel spacer. Tayala likatuluka kunja, dzenje lililonse limakhala ndi mphamvu yochuluka yopotoza chiwongolero, ndipo ma rack end amatha ngati sopo. Ngati vuto lanu linayamba tsiku limene munasintha matayala ndi malimu, bwerekani akale kwa tsiku limodzi muone musanaimbe mlandu kit.

Pali zing'onozing'ono ziwiri zimene zimasokoneza njira iliyonse. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, osati ili m'mwamba, apo ayi labala imapotoka n'kung'ambika. Ndipo pa galimoto zatsopano zokhala ndi kompyuta yoletsa kuterereka, kapena Ranger zoyambira mu 2015 za chiwongolero cha magetsi, sensa ya chiwongolero iuzidwenso pamene pali pakati alayimenti ikatha. Ikapanda kutero, kompyuta imatha kugwira mabuleki pakona poganiza kuti mukuterereka.

Ine ndinagula mikono yapamwamba, ndinadula mabawuti adzimbiri aja n'kuika atsopano, ndipo alayimenti ndinaichita ndili chiimire pambali pa kompyuta. Ndinakaiyesa potsika msewu wa Masasa kupita ku Golomoti, pamakona aja otsatizana, ndipo chiwongolero chinkabwerera chokha pakona iliyonse. Pa mabampu a msewu wafumbi kugwedeza pang'ono kukadalipo, ndipo mwezi watha labala ya CV yakumanja inang'ambika kachiwiri. Masipuling'i ofewerapo ndaitanitsa kale. Akangofika, kutsogolo kutsika kufika pa mamilimita 45.