Kompyuta yatsopano yojambula mizere: anaisintha, koma movutikira

Kompyuta ya patebulo imene ndinagula pa sitolo ina ya zipangizo zamakono mumzinda wa Blantyre inayamba kuvuta isanathe ndi sabata yomwe. Pa sikirini pankabwera mizere yobiriwira yopingasa, zithunzi zinkaphethira, ndipo nthawi zina sikirini inkangoda bii pamene fani ya mkati ikumveka kuzungulira.

Ndisanaibweze ndinasintha chingwe cha HDMI cholumikiza kompyuta ndi monita, ndinayesa monita ina, kenako ndinachotsa madalaivala a zithunzi (mapulogalamu oyendetsa chipangizo cha zithunzi) mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi mapulogalamu ofunikira okhaokha) n'kuika atsopano, koma palibe chinasintha. Umboni waukulu unali wakuti mizereyo inkaoneka ngakhale pa BIOS (pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa), Windows isanayambe n'komwe, zomwe zimasonyeza kuti vuto lili m'chipangizo, osati m'mapulogalamu.

Ku sitoloko sanandilandire bwino. Ogulitsa anathamangira kunena kuti kuthimathima kwa magetsi ndiko kunaononga kompyutayo, asanaiyatse n'komwe, ndipo zimenezi zinandipweteka chifukwa ndinali ndi risiti komanso pepala la warranty m'manja. Katswiri wawo yekha ndiye anagwira ntchito yotamandika, pakuti anazula graphics card (chipangizo chotumiza zithunzi ku monita) ine ndikuona, n'kulumikiza monita pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), ndipo chithunzi chinaoneka bwinobwino nthawi yomweyo, kusonyeza kuti vuto linali pa graphics card.

Ngakhale zinali choncho, a kusitoloko ankafuna kuti aikonze kompyutayo, koma ine ndinakana chifukwa ndinalipira mtengo wa katundu watsopano. Anavomera kundipatsa ina nditanena kuti ndikadandaula ku bungwe la CFTC, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Yatsopanoyi ikugwira bwino ntchito, koma sitoloyi sindingailimbikitse kwa munthu amene sadziwa kudziyezera yekha kompyuta.