Scrivener: pulogalamu ya wolemba amene ntchito zamuchulukira

Munthu amene amadalira kulemba pa moyo wake sakhala ndi ntchito imodzi patebulo. M'sabata imodzi amakhala ndi nkhani imene mkonzi akuiyembekezera Lachisanu, buku limene lakhala likulembedwa kwa miyezi yambiri, ndakatulo zimene zimabwera pa nthawi yake yokha, komanso tsamba la Facebook kapena Instagram limene owerenga amafuna kuonapo kanthu pafupipafupi. Scrivener inapangidwira anthu otere, ndipo ndaigwiritsa ntchito mokwanira kuti ndinene pamene imathandizadi ndi pamene wolemba ayenera kudzithandiza yekha.

Anaipanga ndi Keith Blount wa ku England, amene anadziphunzitsa yekha kupanga mapulogalamu atasowa chida chomuthandiza kulemba buku lake, ndipo kampani yake ya Literature & Latte inaitulutsa koyamba mu 2007 pa makompyuta a Mac. Ya Windows inatuluka mu 2011, ya iPhone ndi iPad mu 2016, pamene mtundu wachitatu unafika pa Mac mu 2017 ndi pa Windows mu 2021. Zoti woipanga anali wolemba zimaonekera m'kapangidwe kake, chifukwa siitenga buku ngati chipepala chimodzi chachitali choyambira pamwamba mpaka pansi. Kumanzere kwa sikirini kuli mndandanda wotchedwa Binder, umene umasunga mutu uliwonse, ngakhale kachigawo ka ndime zitatu zokha, ngati kapepala kapadera koti mungakakoke n'kukaika pena paliponse. Mukafuna kuona buku lonse nthawi imodzi mumatsegula Corkboard, pamene chigawo chilichonse chimaoneka ngati kakhadi kolembedwa mwachidule zimene zili mkati mwake, moti kusuntha mutu wachisanu ndi chiwiri kuti ukhale wachiwiri sikufunanso kudula ndi kumata masamba ambirimbiri.

Koma chimene chimandipangitsa kuikonda kwambiri ndi mmene imathandizira pa tsiku lopereka ntchito. Mu gawo lotchedwa Project Targets mumalemba kuchuluka kwa mawu amene ntchitoyo ikufuna, tsiku limene iyenera kuperekedwa, ndiponso masiku a m'sabata amene mumalemba, kenako pulogalamuyo imawerengera yokha mawu amene muyenera kulemba lero. Ngati mwatsala ndi mawu 30,000 ndipo masiku olemba atsala 20, imakuuzani kuti lero mulembe mawu 1,500. Mukalumpha tsiku limodzi osalemba kanthu, mawa lake mudzapeza chiwerengerocho chakwera kufika pa 1,579. Kusintha kochepa kumeneku kuli ndi mphamvu yaikulu, chifukwa tsiku lopereka ntchito likakhala patali mtima umadzinamiza kuti nthawi ilipo, pamene nambala yokwera m'mawa uliwonse imaonetsa mtengo wa tsiku lotayika pomwepo, nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Ndimaonanso kuti imachepetsa mantha. Wolemba amene wakwanitsa mawu a tsikulo amatseka kompyuta ndi mtima wokhazikika, n'kupita kukajambula, kuwerenga kapena kulemba ndakatulo popanda kudziimba mlandu kuti akuba nthawi ya ntchito.

Pa nkhani ya masamba a mchezo, m'pofunika kunena mosabisa kuti Scrivener siitsekera munthu intaneti. Chimene imachita ndi kuchotsa zifukwa zoitsegulira. Kawirikawiri wolemba sapita pa Facebook mwadala. Amachoka pa ntchito kuti akatsimikize chaka kapena kalembedwe ka dzina, ndipo ali komweko diso limagwera pa uthenga umodzi, kenako wachiwiri, mpaka ola latha. Mu Scrivener muli foda ya Research, mmene mungasungemo mafayilo a PDF, zithunzi, mawu ojambulidwa ndi masamba a pa intaneti, ndipo sikirini mungaigawe pawiri kuti zofufuza zikhale mbali imodzi, zolemba zanu mbali inayo. Munthu akasonkhanitsa zonsezi usiku, m'mawa angalembe intaneti ili yozimitsa. Palinso Composition Mode, imene imabisa zonse n'kusiya tsamba lokha pakati pa sikirini. Ine ndimasunga foda yapadera ya mauthenga opita kwa owerenga, ndipo ganizo loti ndilembe pa masamba a mchezo likandibwerera ndili mkati mwa mutu wa buku, ndimalilemba m'menemo n'kubwerera pa ntchito, kenako onsewo ndimawatumiza madzulo pa nthawi imodzi. Komabe foni imene ili pambali pa kompyuta imalirabe monga kale, ndipo amene vuto lake ndi lalikulu adzafunika pulogalamu ina yotsekera masamba, monga Freedom kapena Cold Turkey.

Chinthu china chabwino ndi Snapshots, chimene chimasunga chigawo mmene chinalili musanayambe kuchikonza, moti mungadule ndime molimba mtima podziwa kuti zakale zilipo ndipo mungaziyerekeze ndi zatsopano. Pulogalamuyi imasunganso yokha zimene mwalemba mukangosiya kutaipa kwa masekondi ochepa.

Zovuta zake si zazing'ono. Choyamba, imatenga nthawi kuti munthu aizolowere, ndipo sindingalangize wina aliyense kuti ayambe kuiphunzira sabata imene ayenera kupereka ntchito. Gawo lovuta kwambiri ndi Compile, limene limasonkhanitsa tizigawo tonse kukhala fayilo imodzi ya Word, PDF kapena buku lowerengera pa foni. Lili ndi mphamvu zambiri, koma zosankha zake n'zochuluka kotero kuti munthu ayenera kulipatulira tsiku lakelake nthawi isanathine. Chachiwiri, inapangidwira munthu wolemba yekha. Anthu awiri sangalembe pa tsamba limodzi nthawi imodzi monga zimatheka pa Google Docs, ndipo ilibe njira yoonetsera zosintha za mkonzi yofanana ndi ya Microsoft Word, choncho ntchito ikangopita kwa mkonzi n'kubwerako, zotsalazo zimathera mu Word. Kwa mtolankhani wolemba nkhani za mawu 600 zimene zimakonzedwa tsiku lomwelo, kutuluka ndi kulowa kumeneku kumawonjezera ntchito m'malo moichepetsa. Chachitatu, palibe Scrivener ya mafoni a Android, zimene zimasiya kunja olemba ambiri amene amayamba zolemba zawo pa foni. Amene ali ndi iPhone kapena iPad amalumikiza ntchito yawo ndi kompyuta kudzera pa Dropbox, malo osungira mafayilo pa intaneti, ndipo ayenera kusamala kuti atseke ntchitoyo pa chipangizo chimodzi n'kudikira kuti zonse zikwere asanaitsegule pa china.

Kagulidwe kake n'kokomera wolemba amene ndalama zake sizibwera mwezi ndi mwezi, chifukwa imalipiridwa kamodzi osati mwezi uliwonse, ngakhale kuti ya Mac, ya Windows ndi ya iPhone zimagulidwa padera. Ya pakompyuta mungaiyese kwaulere masiku 30, ndipo amawerenga masiku okhawo amene mwaitsegula, osati masiku a pa kalendala. Pa nthawi yoyesayo musataye masiku ndi tsamba lopanda kanthu. Lowetsanimo buku kapena lipoti lalitali limene mukulemba kale, muligawe m'zigawo, muike tsiku lenileni loliperekera, ndipo muyese Compile m'sabata yoyamba yomweyo kuti muone ngati fayilo yotulukayo ndi yoti mkonzi wanu angailandire.