Kukonzanso maso pambuyo pa LASIK pa chipatala china ku Johannesburg

Anthu ambiri amene anachitidwa opaleshoni ya LASIK, yokonza maso ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza kuti munthu aziona bwino popanda magalasi, sadziwa kuti pakapita zaka maso angayambenso kuona mwachimbuuzi, ndipo zimenezi zitandichitikira ndinabwerera ku chipatala cha maso cha ku Johannesburg kumene anandichita opaleshoni yoyamba. Chimene ndinayamikira koposa n'chakuti dokotala sanathamangire kundigoneka pa makina a leza. Anayamba wayeza kukhuthala kwa cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, chifukwa leza imapala kachikopako, ndipo kakapyapyala mopitirira muyeso kamatha kufooka n'kupindika, vuto limene amalitcha ectasia. Anayerekezanso zotsatira za miyezi ingapo kuti atsimikize kuti mphamvu ya maso yakhazikika.

Anandifotokozera njira ziwiri mosabisa kanthu. Yoyamba ndi kutukulanso kachivundikiro kopyapyala ka cornea kamene anadula pa opaleshoni yoyamba ija. Munthu amachira msanga, koma ngati padutsa zaka zambiri, timaselo ta pamwamba pa diso timatha kumera pansi pake. Yachiwiri ndi PRK, yopala pamwamba penipeni, yomwe imapweteka kwa masiku angapo ndipo maso amayamba kuona bwino pang'onopang'ono. Ndinasankha PRK, ndipo tsopano zikwangwani za pamsewu ndimaziwerenga ndili patali.

Dandaulo langa lili pa ndalama, pakuti kalaliki sanandiuze msanga kuti nthawi yokonzanso mwaulere inali itatha. Kuuma kwa maso nakonso kunabwerera, moti mankhwala odonthezera ndimayenda nawo m'thumba. Opitirira zaka 40 adziwiretu kuti magalasi owerengera angawafunebe.