Poto wamagetsi wa malita 6: nyemba zikupsa msanga, koma samalani pulagi ndi nthunzi

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Poto ameneyu ndinamugula m'sitolo ina ya zamagetsi m'tauni muno mwa Zomba. Ndi uja wophika ndi mphamvu ya nthunzi, wa malita 6, pansi pake analemba 1000W, ndipo ali ndi mabatani a mpunga, nyemba, nyama, kukazinga ndi kufunditsa chakudya. Ine ndimakhala ku Matawale. Chinandikakamiza kugula ndi mtengo wa thumba la makala, komanso mtima umandipweteka ndikayang'ana phiri lathu mitengo ikutha.

Pa nyemba palibe chomunena. Zoviika usiku sizidutsa ola limodzi, kuwerengera ndi nthawi yoti nthunzi ikwere ndi kutsika, pomwe pambaula zimatenga m'mawa wonse uku mukuthira madzi ndi kuwonjezera makala. Mang'ina amafewa mpaka nyama kusiyana ndi fupa, nkhuku yachikuda chimodzimodzi. Mayunitsi sakudya ambiri ayi. Chipangizo cha 1000W chikayaka ola lathunthu osapuma chimatha yunitsi imodzi, koma uyu nthunzi ikakwanira amazima yekha n'kumayaka mwa apo ndi apo, ndiye mphika wa nyemba sufika n'komwe yunitsi. Mpunga wa ku Domasi umatuluka woyoyoka bwino mukachepetsa madzi kusiyana ndi mmene mumathirira pamoto.

Nsima ndiye yandikhumudwitsa. Kapoto ka mkati sikagwira, ukamavundula kamazungulira limodzi ndi mthiko, ndipo makutu ogwirira kalibe. Ya anthu awiri imatheka movutikira, ya banja lonse iwalani. Matemba a ku Chilwa amakazingika bwino chivundikiro chili chotsegula, kungoti fungo limakanirira pa mphira wa chivundikiro mpaka kulowa mu mpunga wa mawa lake.

Chomwe ndalembera ndemangayi kwenikweni ndi pulagi. Wanga anabwera ndi pulagi ya mano awiri obulungira, pomwe masoketi athu kuno ndi a mabowo atatu. Wogulitsa anangoti, “Mayi, mukangotokosa bowo lapamwambalo ndi kamtengo ilowa.” Chonde abale anga musavomere zimenezo. Poto uyu thupi lake ndi lachitsulo, mumamugwira ndi manja onyowa, ndipo dzino lachitatu lija ndi lomwe limathawitsira magetsi pansi waya akaduka mkati. Ndinapita naye kwa wokonza zamagetsi, anandiikira pulagi ya mano atatu yokhala ndi fiyuzi ya 13A. Ndalama yake inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa potoyo.

Chingwe chake ndi chachifupi, ndiye ambiri amathamangira ekisitenshoni. Magetsi athu ndi a 230V, kutanthauza kuti pulagi imodzi ya 13A imathera pafupifupi pa 3000W. Mukalumikiza poto, ketulo ndi simbi pa ekisitenshoni imodzi mwadutsa kale malire, makamaka zotchipa zija za mawaya owonda. Anzanga ena a ku Chinamwali anandionetsa yawo: pabowo limodzi pulasitiki inasungunuka n'kuda bii, mano a pulagi atakanirira momwemo. Mwayi anamva fungo ali m'nyumba. Wanga ndinamupezera thebulo lolimba pafupi ndi soketi ya pakhoma, kutali ndi beseni la madzi, chingwe osalendewera poti mwana angakoke.

Nthunzi nayo si yoseweretsa. Mkati mwa kapoto muli mzere wosonyeza malire, ndipo nyemba, nandolo kapena phala musapitirire theka chifukwa zimafufuma n'kuchita thovu lomwe limatseka kabowo kotulukira nthunzi. Kabowoko ndimakayang'ana pa kuwala ndisanatseke, ndikaona katsekeka ndimakatsuka kaye. Pachivundikiro pali kachitsulo kamene kamadzuka nthunzi ikadzaza. Kasanagwe kokha musalimbane nacho chivundikiro, ngakhale alendo akhale pamphasa kudikira. Mukafuna kutulutsa nthunzi msanga, kankhani chotsegulira kabowo ka nthunzi kaja ndi mpini wa chipande nkhope ili kumbali, ana ali kutali, chifukwa imatuluka mwaukali ndipo imawotcha koopsa. Potoyu musamuike pansi pa kabati yathabwa, nthunzi imafufumitsa thabwalo.

Magetsi akazima pakati pa kuphika, ndimazimitsa pa soketi n'kuzula pulagi, poti nthawi zina amabwera mwamphamvu n'kuwotcha zipangizo. Potoyo amasunga kutentha kwa kanthawi ndithu, moti nyemba zomwe zinali pafupi kupsa zimamalizika zokha osatsegula. Koma mpunga wophika musausiye mmenemo mpaka madzulo poto atazizira, umasasa ndipo umatsegula m'mimba.

Potsuka, kapoto ka mkati kokha ndi komwe kamalowa m'madzi, ndipo ndimagwiritsa ntchito siponji, osati waya kapena mchenga, kuopa kukanda utoto wake. Kunsi kwake kaume kaye kasanabwerere m'malo mwake. Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha nsima, pulagi ija, komanso kabuku ka malangizo kopanda Chichewa. Mukamagula funsiranitu ngati amagulitsa mphira wapadera wa chivundikiro, chifukwa ukangotha mphirawo nthunzi imathawira m'mbali ndipo nyemba sizipsanso msanga.