PHP 8 ndi ma operator ake: zomwe zakonzedwa ndi misampha yomwe idakalipo

PHP 8.0, mtundu wa chinenero cholembera mapulogalamu a pa intaneti cha PHP, inatuluka pa 26 November 2020, ndipo ambiri amaitamanda chifukwa cha JIT (njira yomasulira khodi kukhala malamulo a makina pulogalamu ikamayenda) ndi liwiro lake. Koma kwa munthu amene ali ndi khodi yakale yoti asamutse, nkhani yaikulu ili pa tizizindikiro tating'onoting'ono monga ==, kadontho kolumikizira mawu ndi / wogawira. Pamenepa ndi pomwe pulogalamu imasintha khalidwe, nthawi zina osakuuzani n'komwe.

Tiyambe ndi ==, chifukwa ndiko kusintha kwabwino koposa komanso koopsa koposa. Mu PHP 7, 0 == "abc" inkapereka true. PHP inkasandutsa mawuwo kukhala nambala, ndipo mawu osayamba ndi nambala ankasanduka 0. Mu PHP 8 anazitembenuza: ngati string (mawu) si nambala, nambalayo ndi imene imasanduka string, kenako "0" ndi "abc" zimayerekezedwa monga mawu, yankho n'kukhala false. Nayonso 0 == "" tsopano ndi false. N'zoona, umu ndi momwe zimayenera kukhalira kuyambira kale. Chovuta n'chakuti kusinthaku sikutulutsa chenjezo lililonse. Taganizirani mzere wakuti if ($kuchuluka == 0) womwe unkagwira fomu yomwe munthu wasiya bokosi lake lopanda kanthu. Kale unkakola bokosi lopanda kanthulo, lero limangodutsa, ndipo mu log simupezamo kalikonse. Musaiwale kuti switch ndi in_array() yopanda true pamapeto zimayerekeza mofanana ndi ==, ndiye nazonso zasintha.

Komabe == sanachiriretu. "1e3" == "1000" idakali true, poti zonse ziwiri PHP imaziona ngati nambala. Chimodzimodzinso ma hash (chidindo cha mawu chomwe md5 imatulutsa) a md5('240610708') ndi md5('QNKCDZO'): zonse zimayamba ndi 0e kenako manambala okhaokha, ndiye == amaziwerenga ngati ziro n'kunena kuti n'zofanana. Pa hash gwiritsani ntchito hash_equals(), pa pasiwedi password_verify(), kwina konse ===.

Kadontho nako kasintha malo pa mndandanda wa chomwe chimayamba kuwerengedwa. Mzere wakuti echo "Zonse: " . $a + $b mu PHP 7 unkayamba walumikiza mawu ndi $a, kenako n'kuyesa kuphatikiza zotsatirazo ndi $b, ndipo chomwe chinkatuluka pa sikirini ndi $b yekha. Mu PHP 8, + ndi - zimayamba, kulumikiza kumabwera pambuyo. Apa anachita bwino chifukwa PHP 7.4 inkachenjezeratu.

Zina zimalira mokweza, ndipo n'zosavuta kuzigwira. Ternary (if wachidule wolembedwa ndi ? ndi :) yolowetsa ina mkati popanda mabulaketi tsopano ndi error, fayilo siyamba n'komwe. Kugawa ndi 0 kumaponya DivisionByZeroError, pamene PHP 7 inkangochenjeza n'kupitiriza. Ofuna yankho la INF (nambala yopanda malire) m'malo mwa error ali ndi fdiv(). Ndipo @ sabisanso ma error aakulu omwe amaimitsa pulogalamu.

Pa zatsopano, chokoma kwambiri ndi ?->. M'malo mwa ma if atatu osanjikizana mumangolemba $oda?->kasitomala?->adilesi, ndipo chimodzi chikakhala null (palibe kanthu) mzere wonse umaimira pomwepo n'kubweza null. Ndi chowerengera chokha, simungalembe nacho kanthu mu property. Chenjerani nacho: chikachuluka chimabisa matenda. Oda yopanda kasitomala mwina ndi vuto la m'database lofunika kulidziwa, osati kulikwirira. Chimayendera limodzi bwino ndi ?? wa mu PHP 7.0, mwachitsanzo $oda?->adilesi ?? "palibe". Nayo match ndi yabwino kuposa switch: imayerekeza ngati ===, sifuna break, ndipo pakasowa chofanana imaponya UnhandledMatchError m'malo mongokhala chete.

Chokhumudwitsa n'chakuti ma operator a "and" ndi "or" anawasiya momwemo. Zimawerengedwa pambuyo pa =, ndiye $zatheka = true and false; imasiya $zatheka ali true. Munthu wongoyamba kumene sangazione zimenezi. Lembani && ndi || basi.

Kodi n'koyenera kusamuka? Inde, ndipo palibenso chodikira: PHP 7.4 inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 28 November 2022. Koma musadumphe kuchoka pa 7.2 kapena 7.3 n'kutera pa 8. Yambani mwayendetsa khodiyo pa 7.4 mutatsegula error_reporting(E_ALL), muwerenge mizere yonse ya Deprecated mu log; za kadontho ndi ternary zionekera pomwepo. Kenako dutsitsani chida chofufuzira khodi cha PHPCompatibility ya PHP_CodeSniffer, ndipo chida china, Rector, chikhoza kukulemberaninso zambiri chokha. Zida zimenezi zimagwira zolira mokweza zija, koma pa == sizingakuthandizeni kwenikweni, chifukwa nthawi zambiri sizidziwa ngati variable idzanyamula nambala kapena mawu pulogalamu ikamayenda. Pamenepo palibe chidule: sakani == ndi != zonse ndi grep (chida chosakira mawu m'mafayilo), muyambire zomwe zikukhudza $_POST, $_GET ndi zochokera m'database, chifukwa zochokera pa fomu zimafika monga string ngakhale munthu atalemba 5.